Ikafa, Adzaikonza Ndani?

Ndalama imene tinagulira kompyuta sinali yanga. Ndiyambe ndanena zimenezi, chifukwa anthu a kuno kwathu, pakati pa Chuanga ndi Messumba, amandidziwa, ndipo angandiseke nditadzitama. Inali ndalama ya usipa. Mayi a kunyumba anaisonkhanitsa nyengo ziwiri: kulawirira kugombe mabwato asanakocheze, kugula usipa wauwisi, kuuyanika pathandala, kuuthira m'masaka ndi kuukweza chapa ya ku Lichinga. Ine ndine mphunzitsi wa pulaimale, ndipo malipiro anga amathera pa ufa, sopo ndi makope a ana. Tsono usiku umene anandiyalira ndalamazo pamphasa nati, "Bambo, nazi, kamugulireni mwana makina aja," ndinadziwa kuti mwayi ndi umodzi wokha. Tikalakwitsa, panalibe usipa wina wotiwombola chaka chimenecho.

Oifuna kompyutayo tinali awiri. Mwana wathu wamkazi anali atamaliza kalasi 12 ku Metangula ndipo ankakonzekera kukaphunzira zauphunzitsi ku Lichinga, kumene ntchito za m'kalasi amazifuna zotayipa. Wachiwiri ndinali ine, ndipo chifukwa changa chili ndi chilonda.

Nthawi ya nkhondo, m'zaka za m'ma 1980, tinathawira ku Likoma ndili mnyamata. Tinawoloka usiku pabwato kuchokera ku Cóbuè. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira kulemba chinenero chathu, n'chifukwa chake dzanja langa limalembabe "ch" pamene ana a m'sukulu za kuno amalemba "c". Mundikhululukire. Tinabwerera kwathu mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Amayi anga ankakumbukira zonse: mabanja amene anawoloka, amene anatsala, amene tinawaika m'manda tsidya lija, ndi minda imene tinaipeza itasanduka thengo. Atayamba kufooka ndinakhala nawo madzulo ambiri, iwo akusimba, ine ndikutayipa pa laputopu yakale imene ndinagula kwa munthu. Masamba anakwana 40.

Laputopuyo inali ndi Windows 7, imene eni ake anasiya kuitumizira zoitchinjiriza mu Januwale 2020. Ine sindinkadziwa kuti zimenezo zili ndi tanthauzo. Tsiku lina ndinapita ndi fulashi pamalo ena osindikizira mapepala kuti ndikasindikize mayeso a ana. Nditabwerako ndinailowetsa mu laputopu. M'mawa mwake mafayilo anga anali atasanduka mizukwa: dzina likuoneka, koma ukadina palibe chotseguka. Mnyamata wina amene ndinamupempha thandizo anati vayirasi yalowa, ndipo mankhwala ake ndi kufufuta zonse n'kuyambiranso. Ndinavomera osafunsa kuti "zonse" akutanthauza chiyani. Safunsa anadya phula. Masamba 40 aja anapita, amayi atamwalira kale miyezi inayi m'mbuyomo. Sindinasunge pena, sindinasindikize ngakhale tsamba limodzi. Mlandu umenewo ndi wanga. Pambuyo pake laputopuyo inayamba kuyenda ngati nkhono, ndipo ndinaitsekera m'sutikesi pansi pa bedi.

Ndiye mumvetse kuti ulendo uno ndinkafuna kufunsa ndisanagule.

Mwayi wake, mwana wa mlongo wanga, amene amaphunzira za makompyuta ku Nampula, anali atabwera kutchuthi cha Khirisimasi ya 2025. Nditamuuza za ndalama zija anandifunsa kuti, "Amalume, sistema mwasankha iti?"

Ndinati ndasankha yakuda, ya batire lokhalitsa, chifukwa kwathu magetsi ndi a sola.

Anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenaka anakhala pansi n'kundifotokozera. Anati kompyuta ili pawiri. Pali chitsulo chimene umachigwira: sikirini, mabatani, batire. Ndiye pali pulogalamu yaikulu imene imadzuka poyamba ukayatsa, imene pa Chipwitikizi amati sistema operativo. Imeneyo ndiyo imasunga fayilo iliyonse pamalo pake, imamva batani limene wadina, imalankhula ndi pulinta ndi fulashi, ndipo imagawira mapulogalamu ena malo ogwirira ntchito. Pulogalamu yolembera kalata kapena yowerengera ndalama imakwera pamsana pa sistemayo, ndipo imene inapangidwira sistema ina kawirikawiri siyenda pa inzake.

"Foni yanuyo ili nayonso," anatero. "Dzina lake Android. Simunaisankhe, munaipeza momwemo. Koma pa kompyuta mutha kusankha."

Anawerenga pazala masistema anayi. Yoyamba, macOS, imabwera pamakina a kampani ya Apple okha, ndipo atanditchulira mtengo wake tinaisiya pomwepo. Yachiwiri, ChromeOS, anaipangira munthu amene intaneti kwa iye ili ngati madzi a m'nyanja. Ife intaneti timaigula pang'onopang'ono, ma mega a pafoni, ndipo tsiku lina umachita kukwera pachulu kuti netiweki igwire. Imeneyonso tinaisiya. Zinatsala ziwiri, Windows ndi Linux.

Za Windows anandiuza mosabisa. Ndi ya kampani ya Microsoft ya ku America, ndipo ndi yogula: mtengo wa laisensi yake umabisala mumtengo wa kompyuta. Imene ilipo tsopano ndi Windows 11, imene inatuluka mu Okutobala 2021. Imafuna makina okhala ndi memori yosachepera 4 GB, mosungira mosachepera 64 GB, ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene makompyuta ambiri akale alibe. Anandichenjezanso kuti Windows 10 inafika pamapeto a chisamaliro chake pa 14 Okutobala 2025. "Akakuonetsani yotchipa ya Windows 10, amalume, mufunse ngati ingalandire 11. Ngati singalandire, mukugulanso vuto lija la poyamba."

Atafika pa Linux nkhope yake inawala ngati ya mlaliki. Anati inayambidwa mu 1991 ndi mwana wasukulu wa ku Finland, Linus Torvalds, ndipo kuchokera pamenepo anthu a m'maiko ambiri akhala akuimanga pamodzi. Siigulitsidwa. Aliyense atha kuikopera, kupatsa mnzake, ngakhale kuisintha ngati akudziwa. Android ya m'mafoni athuyi inamangidwa pamaziko ake. Ili ndi mitundu yambiri, ndipo umodzi wotchuka unayambitsidwa mu 2004 ndi munthu wa ku South Africa, Mark Shuttleworth, amene anaupatsa dzina loti Ubuntu.

"Ubuntu?" ndinafunsa.

"Umunthu, amalume. Mawu ake ndi omwewo."

Ndivomere kuti pamenepo mtima wanga unapendekeka. Chinthu chopangidwa ndi anthu ambiri, choperekedwa ulere, chotchedwa umunthu: mphunzitsi ndani angachikane?

Ndipo sanalekere pakamwa. Anatulutsa laputopu yakale ija m'sutikesi, n'kuipukuta fumbi, n'kulowetsa fulashi yake imene munali mtundu wina wotchedwa Linux Mint. Chinthu chimene ndinkachiyesa mtembo chinadzuka. Munali kale pulogalamu yolembera, LibreOffice, imenenso ndi yaulere ndipo imatsegula mafayilo a Word. Anandiuza kuti mavayirasi ambiri oyenda pa mafulashi anapangidwira Windows, chifukwa ndiyo ili ndi anthu ochuluka, ndipo pa Linux amangogona osaluma. Kenaka anandionetsa kanthu kakang'ono kamene kanandigwira mtima kuposa zonsezo. Pali chilembo chija cha w wovala chipewa, ŵ, chimene ambiri tinasiya kulemba koma chimamveka m'kamwa mwa akuluakulu. Anadina batani la chipewa, lija timalembera ê wa Chipwitikizi, kenaka w, ndipo ŵ anatuluka. Ndinalemba "Malaŵi" katatu ngati mwana wa kalasi 1.

Usiku umenewo ndinalengeza kuti tigula kompyuta yopanda kanthu, imene imatsika mtengo, ndipo tiikamo Linux.

Mwana wanga wamkazi sanandiyankhe ine. Anatembenukira kwa msuweni wake, poti pachisuweni palibe chobisa. "Asuweni, inu mwezi wamawa muli ku Nampula. Ine ndili ku Lichinga, m'chipinda cha atsikana anayi. Aphunzitsi akati tsegulani Word, dinani apa, dinani apo, anzanga onse akuona chimodzimodzi, ine ndekha ndikuona zina. Ndidzafunsa ndani? Nanga ndikapita kokasindikiza, tebulo langa n'kupezeka lasokonekera, ndidzawauza aphunzitsi kuti ndi umunthu?"

Mnyamata uja anavomera kuti nthawi zina fayilo yolembedwa mu LibreOffice ikatsegulidwa mu Word mizere ndi matebulo zimasuntha pang'ono. Anati mankhwala ake alipo: uisandutse PDF usanapite nayo, ndipo idzatuluka momwe unailembera. Iye anayankha kuti aphunzitsi ena safuna PDF, amafuna fayilo yoti alembemo zokonza. Anakangana mpaka nyali za asodzi a usipa zinayamba kuoneka panyanja.

Mayi a kunyumba anali chete nthawi yonseyi, akusankha nyemba. Kenaka anafunsa funso limodzi.

"Ikafa, adzaikonza ndani?"

Mnyamata anati Linux siifa wamba.

"Sindinafunse zimenezo, mwanangu. Chilichonse chimafa. Ndati adzaikonza ndani?"

Ndipo anatikumbutsa nkhani imene tonse tinkaidziwa. Asodzi ambiri a kuno akafuna injini ya boti amagula Yamaha. Sikuti injini zina siziyenda. Koma makaniko a ku Metangula amaidziwa mkati ndi kunja, pulagi yake ndi pulopela yake zimapezeka, ndipo ikakufera tsidya la ku Likoma, nakonso ukapeza woidziwa. Bambo wina wa m'mudzi mwathu anabwera ndi injini ya mtundu wina kuchokera ku Johannesburg. Inali yamphamvu, yosamwa mafuta, ndipo anthu ankabwera kudzaionera. Itatha miyezi isanu ndi itatu kanathyoka kachitsulo kochepa ngati chala. Mpaka lero injiniyo ili pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikirapo mazira.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero, n'kupitiriza kusankha nyemba.

Ndinagona ndikulimbana nazo. Ndinayesa kuwerenga anthu odziwa Linux amene ndingawafikire pa njinga kapena pa chapa tsiku limodzi. Ndinapeza mmodzi, ndipo ameneyo anali atagula kale tikiti ya ku Nampula. Ndinayesa kuwerenga odziwa Windows: mnyamata wa pamalo osindikizira, mlembi wa kusukulu kwathu, aphunzitsi anzanga awiri, mwana wa akatekisiti. Sikuti onsewo ndi akatswiri. Mmodzi wa anthu otere ndi amene anandifufutira mawu a amayi anga. Koma alipo, ndipo munthu utha kufunsa awiri usanavomere.

Tinakwera chapa ya m'mamawa ku Metangula, ine ndi msungwana ndi msuweni wake. Msewu umakwera mapiri kudzera ku Maniamba, makilomita oposa 100, ndipo pofika ku Lichinga munthu wa kunyanja umayamba kufuna juzi. Ndalama ndinazimangirira m'kati mwa malaya.

M'sitolo imene tinalowa munali makina awiri ofanana chilichonse, koma mitengo yosiyana. Ina inali ndi Windows 11 yochokera nayo kufakitale. Inzake inali yopanda sistema, ndipo inali yotsikirapo ndithu. Wogulitsa ataona kuti ndikuyang'ana yotsikayo anatsitsa mawu. "Aphunzitsi, tengani iyi. Windows tikuikirani ife, ndi Word yomwe, ulere. Mphindi makumi atatu basi."

Mnyamata anandikoka malaya n'kunditulutsa panja. Anati Windows ya ulere yotereyo ndi yakuba. Amaithyola loko ndi timapulogalamu tochokera kosadziwika, ndipo palibe angakuuze chimene timapulogalamuto tabweretsa m'nyumba. Mwina iyenda bwino chaka chathunthu. Mwina tsiku lina pakona pa sikirini padzatuluka mawu oti "Ativar o Windows", kapena idzakana kulandira zoitchinjiriza. "Chikomekome cha mkuyu, amalume. Ngati mukufuna yaulere, yaulere yoona ndi Linux. Ngati mukufuna Windows, lipirani. Njira yapakatiyi ndiyo yoipa kuposa zonse."

Ndinaima pakhonde la sitolo nthawi yaitali. Kusiyana kwa mitengo iwiri ija ndinakuwerenga m'masaka a usipa, ndipo ndinaona manja a mayi a kunyumba atatuwa ndi mamba. Ndinaonanso mwana wanga ali yekha usiku ku Lichinga, ntchito yofunika m'mawa, kompyuta itakana, wopanda womufunsa. Ndinalowanso n'kulipira ya Windows yeniyeni. Ndinapempha kuti ikhale ya Chipwitikizi, ya mabatani okhala ndi ç ndi ã, chifukwa ndicho chinenero cha sukulu yake, ndipo ndinapempha lisiti lolembedwa bwino. Tinaiyatsa m'sitolo momwemo, pa intaneti yawo, chifukwa Windows 11 poyamba imafuna intaneti ndi akaunti, ndipo zokonza zake zoyamba zikadatha ma mega athu a mwezi wonse. Word ili ndi mtengo wakewake, ndipo ndalama zinali zitatha. Mnyamata anaikamo LibreOffice, poti imayendanso pa Windows, nati Word adzaiganizire akakaona zimene sukulu ikufuna. Choncho ngakhale mkangano wa matebulo uja sunathe monga mwana wanga ankafunira. Anapambana theka.

Pobwerera mnyamata sanalankhule mpaka ku Maniamba. Kenaka anati, "Amalume, ngati aliyense adikira kuti woidziwa apezeke kaye, woidziwayo adzachokera kuti?"

Ndinalibe yankho, ndipo mpaka lero ndilibe lokwanira. Funso la mayi a kunyumba ndi loona, koma lakenso ndi loona. Injini ija ya pansi pa mango ikadakhala ndi anzake khumi m'mudzi muno, wina akadayamba kugulitsa zitsulo zake. Chimene ndikudziwa n'chakuti woyamba kuyesa asakhale munthu amene waika usipa wa nyengo ziwiri pachinthu chimodzi. Ayese amene ali ndi poyesera.

Ndipo poyesera tinali napo. Asananyamuke, mnyamata anaika Linux Mint mu laputopu yakale ija, imene Windows 11 sikadalowamo n'komwe. Yatsopano inapita ku Lichinga ndi mwini wake. Yakale inatsala ndi ine, ndipo ndi imene ndalembera nkhani inoyi. Batire lake linatha kale, ndiye ndimalemba masana dzuwa likamenya sola. Kawiri yandizunguza, ndipo kawiri konse ndajambula sikirini ndi foni n'kutumiza ku Nampula pa WhatsApp. Ikadzafa osadzukanso, sindidzalira, chifukwa inali itafa kale. Ana awiri a kalasi 6 amabwera Loweruka kudzaidina, ndipo mmodzi akuidziwa kale kundiposa. Mwina woidziwa uja ndi ameneyu.

Pali chinthu chimodzi chimene masistema onse awiri amafanana. Ndikalemba Chinyanja, pulogalamu yolembera imadula mzere wofiira pansi pa liwu lililonse, ngati mphunzitsi waukali, chifukwa mawu athu mulibe m'dikishonale yake. Msungwana akuti kwakenso ndi chimodzimodzi. Tinaphunzira kuzimitsa mzerewo. Ndipo ŵ uja iye anamupeza njira ina pamakina a kusukulu: mu Word umalemba 0175, kenaka n'kudina Alt ndi X pamodzi.

Abale anga a m'mbali mwa nyanja, wina wa inu akadzagwira ndalama yotere, sindikuuzani kuti mugule iti. Ndikuuzani mafunso amene ine ndinachedwa kuwadziwa. Amene adzaigwiritse ntchito, anzake ndi aphunzitsi ake ali ndi sistema yanji? Ikavuta, ndani amene mungamufikire tsiku lomwelo? Sistema imene ilimo ndi yeniyeni kodi, ndipo eni ake adzaisamalira mpaka liti? Wogulitsa akakwiya ndi mafunso amenewa, tulukani.

Koma chachikulu ndinachiphunzira kwina. M'nyumba mwathu muli Baibulo la bambo anga, la Chinyanja cha ku Likoma, lija anamasulira William Percival Johnson ndi anzake, limene linatuluka koyamba mu 1912. Linawoloka nafe pabwato usiku uja, linabwerera nafe, njenjete zinadya m'mphepete, koma limatseguka. Silinafunsepo laisensi kapena batire. Sistema iliyonse imene mungasankhe ili ndi tsiku lake lotha. Windows 7 inatha, Windows 10 yatha, ndipo mtundu wa Linux umene ndili nawowu udzafunanso kusinthidwa. Mawu amene mwaikamo ndiwo ofunika kuwapulumutsa.

Tsopano ndayambiranso nkhani ya kuwoloka ija. Amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi anga, akadali moyo ku Cóbuè, ndipo anali m'bwato lomwelo. Sakumbukira zonse, ndipo pena amatsutsa zimene ine ndikukumbukira kuti amayi ananena. Ndimalemba zonse ziwiri. Ndikapita ndimawajambula mawu pafoni, ndikabwera ndimatayipa. Ndikamaliza masamba asanu ndimasunga mu laputopu, ndimatumiza kwa msungwana ku Lichinga, ndipo ndimapita ku Metangula kukasindikiza papepala. Fulashi yopita nayo kumeneko ndi yakeyake, simukhala china chilichonse. Mapepalawo mayi a kunyumba amawakulunga m'pulasitiki n'kuwaika m'chitini chimene ankasungiramo ndalama za usipa. Dzulo ndaikamo tsamba la 23.